Tsiku Limene Anandisupa M'matope

Ntchito yosamalira kapinga ndinaiyamba nditapitirira kale zaka makumi anayi. Poyamba ndinali kalaliki pa kampani ina mu Blantyre, woyang'anira nyumba yosungiramo katundu. Ndinkavala tayi. Kwathu ku Lirangwe ankanditchula a Kambalame a ku ofesi, ndipo ku tchalitchi anandisankha kukhala mkulu wa mpingo. Kampaniyo itayamba kudzandira anachepetsa antchito, ine n'kukhala m'gulu la ochotsedwa. Ndinakhala pakhomo kupitirira chaka ndikufunsira ntchito m'maofesi, koma kulikonse ankangoti tidzakuimbirani. Chimanga cha m'munda mwathu sichinkafika Januwale, ndipo mwana wathu woyamba, Tiyamike, anali atangoyamba sukulu ya unamwino.

Amene anandipezera ntchito ndi mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha m'kalasi ya katekisimu, Esinati Makwinja. Iye anaphunzira za mitengo ndi maluwa, ndipo nthawi imeneyo anali kapitawo pa kakampani kena kosamalira panja pa malo a bizinesi kufupi ndi bwalo la ndege ku Chileka. Ankasamalira loje imodzi, nyumba zosungiramo katundu zingapo, ndi malo omwetsera mafuta. Anabwera kunyumba Lamulungu lina titaweruka, nakhala kukhitchini ndi mayi akunyumba nthawi yaitali asanalimbe mtima kubwera pakhonde. Anagwada patali.

"Bambo, malo alipo kuntchito kwathu," anatero, "koma ndi a chitchetcho. Ndachita mantha kukuuzani."

Ndinamuthokoza n'kunena kuti ndiganize kaye. Atachoka, mayi akunyumba anangoti, "Tayi sitidya, bambo a Tiya." Lolemba lake ndinakwera minibasi.

Anandipatsa ovolosi yobiriwira, jombo ndi chipewa cha mlaza. Mkati mwa sabata ndinkagona kwa mlamu wanga ku Chileka komweko, Loweruka madzulo n'kumabwerera ku Lirangwe. Tsiku loyamba ndinamutchula Esinati kuti bwana pamaso pa anzanga. Anandiitanira kuseri kwa shedi yosungiramo zida n'kundipempha kuti ndisadzabwerezenso. Iye anapitiriza kunditchula bambo, ndipo akamandipatsa chida ankapereka ndi manja awiri. Ulemu umenewo unkandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Ndinkaganiza kuti munthu amene anakula ndi khasu sangaphunzitsidwe za udzu. Sabata yoyamba yomweyo ndinatsitsa kwambiri mpeni wa makina otchetchera, n'kumeta mpala kapinga wa kutsogolo kwa loje. Dzuwa litawomba panatsala zigamba zofiira. Esinati anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Kapinga timangomudula nsonga, bambo. Ndipo sitimutchetcha ali wonyowa, amang'ambika."

Ntchitoyi ilibe mwezi wopuma. M'dzinja udzu umakula ngati ukuthamangitsidwa. Ukamaliza kutchetcha mbali iyi, kumene unayambira kwameranso. M'mphepete mwa mipanda tinkadutsamo ndi makina a chingwe onyamula paphewa, amene amanjenjemeretsa manja mpaka usiku ukamagwira kapu. Tinkavuula matope m'ngalande ndi fosholo mvula ikangokata, kuti madzi asalowe mosungira katundu wa eni ake. M'chilimwe ntchito ndi kuthirira, kulimbana ndi chiswe, ndi kulambula kunja kwa mpanda kuti moto wa osaka mbewa usalumphire mkati.

Koma nyengo imene imavuta ndi yozizira. Anthu amati ku Chileka n'kotentha, ndipo sanama, kungoti sanagwirepo paipi ya madzi m'mamawa wa mu Juni. Kapinga amasiya kukula, amayezuka, ndiye mpeni wa makina timaukweza. Masamba amayoyoka tsiku ndi tsiku, leki sichoka m'manja. Ndi nthawi yodulira mipanda ya maluwa a minga ndi sizasi yaikulu, ndipo minga yake ikakubaya chala chozizira umamva mpaka m'mano. Ndi nthawi yomweyonso imene timawaza pa kapinga dothi losefa losakaniza ndi manyowa ndi zinyenyeswa za fodya, n'kusalaza ndi kumbuyo kwa leki. Fungo lake limakakamira m'thupi ngakhale usambe ndi sopo wanji. Ndikakwera minibasi Loweruka ndinkakhala pafupi ndi windo.

Mwezi wa Meyi chaka chimenecho tinayala mapaipi othiririra pansi pa kapinga wa ku loje. Ngalande zake ndinakumba nawo ndi piki, choncho ndinkadziwa pamene paipi iliyonse ikudutsa. Eni loje pofuna kuchepetsa ntchito anatiuza kuti tingolumikiza ku paipi yaikulu yochokera ku thanki, yomweyo yopita kukhitchini ndi kuzimbudzi.

Kwathu anthu ankadziwa kuti ndikugwira ku Chileka. Ambiri ankaganiza kuti ndi ku bwalo la ndege, muofesi. Sindinanamize munthu, komanso palibe amene anandifunsa bwinobwino. Galimoto ikamalowa pa geti ndinkapeza chochita chakuti ndiwerame.

Mu Julaye a Chiwaya, mkulu wa mpingo mnzanga amene anapuma pa uhedimasitala, ankakwatitsa mwana wawo wamkazi. Atalengeza m'tchalitchi kuti madyerero akachitikira pa loje ina ku Chileka, n'kutchula dzina lake, ndinazindikira kuti ndi loje yathu yomweyo. Tiyamike anali mmodzi wa operekeza mkwatibwi. Iye ankadziwa ntchito yanga, koma anali asanandionepo mu ovolosi. Ndinapepesa kwa a Chiwaya kuti tsikulo ndidzakhala kuntchito. Esinati, ndisanamupemphe n'komwe, anandiika kutsidya kwa msewu, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, kuti ndikakokole masamba kumeneko.

Loweruka limenelo kunacha ndi chiperoni. Kamvula kosaoneka bwino kankangowaza, mphepo ikulowa m'khosi mwa ovolosi. Masana ndinamva mahutala a galimoto za ukwati zikudutsa, kenako nyimbo zinayamba kumveka chapatali. Ndinapitiriza kukokola.

Foni inalira. Anali Esinati, ali ku Limbe kumene anapita ndi galimoto kukatenga manyowa.

"Bambo, pepani kwambiri," anatero. "Ku loje mphepo inazula tenti ya ukwati mbali imodzi, ndiye anyamata a matenti akhomanso chikhomo chachitsulo pamalo pena. Abowola paipi. Madzi akutumphuka kutsogolo kwa tebulo la akwati. Alonda atseka valuvu, koma tsopano kukhitchini ndi kuzimbudzi kulibe madzi."

Kenako anapitiriza.

"A manijala akuti zikapanda kukonzeka, Lolemba tisabwerenso. Mwa anzathu a ntchito mmodzi ali kumaliro, winayo ndi watsopano, sadziwa chilichonse cha mapaipi. Ndikudziwa chimene ndikukupemphani, bambo."

Ndikanatha kukana, ndipo Esinati sakanandikakamiza. Koma loje ija ndi imene inkatidyetsa tonse. Ndinaika mu wilibala fosholo, sowo, chidutswa cha paipi, kachitini ka guluu, chitini chotungira madzi ndi mphira za chubu. Ndinawoloka msewu.

Ndinalowera kumbuyo kwa tenti, koma malo owonongekawo anali kutsogolo kwenikweni, pakati pa tebulo la akwati ndi mipando ya anthu, pamene amavinira popereka mphatso. Kapeti yofiira inali itanyoweratu. Mbali ya kumanja kunali abale a mkwati, anthu a m'tauni ovala majekete aatali. Mbali ya kumanzere kunali kwathu konse: azibusa, amayi a mumpingo, akwaya, anthu amene ndinkawagawira mgonero ndi manja anga. Ndinatsitsira chipewa kumaso n'kukankha wilibala kudutsa pakati pawo. Gudumu lake linkalira.

Ndinapinda kapeti. Kapinga ndinamudula m'zigawo ndi fosholo n'kumuika pambali mwadongosolo kuti adzabwerere pamalo pake. Ndinakumba, kenako ndinagwada n'kuyamba kukapa madzi ndi chitini. Chikhomo chija sichinangobowola, chinang'amba paipi m'litali mwake, kutalika ngati mkono. Ndinadula mbali yong'ambikayo ndi sowo. Zolumikizira za saizi imeneyo tinalibe, choncho ndinatuma mlonda kukabwereka mbaula kukhitchini. Paipi ya pulasitiki ukaiwamba pamoto pang'ono kumapeto imafewa, ndiye umailowetsa pa inzake kuti ikule kukamwa, ikazizira n'kupaka guluu n'kulumikiza. Ndi ntchito yosavuta pamalo ouma, dzuwa likuwala. Apa m'dzenje munali madzi, kamvula kakuwaza kudzera m'mbali mwa tenti, zala zanga zitauma ndi kuzizira.

Woyendetsa mwambo anali mnyamata wa m'tauni wa suti yonyezimira. Sankandidziwa, ndipo ntchito yake inali yakuti anthu asatope ndi kudikira.

"Tiwapatse mpata adokotala a kapinga amalize opaleshoni," anatero pa maiki. "Wodwala akapanda kutsitsimuka, tonse tikasowa kolowera tikadya mpunga."

Anthu anaseka. Ine ndinaweramira m'dzenje.

Manijala wa loje anaima pambali panga, nsapato zake pafupi ndi nkhope yanga. "Achimwene, mwatsala pati? Kukhitchini akudikira. Tsegulani madzi."

Guluu amafuna nthawi kuti agwire, makamaka kukazizira. Ndinkadziwa zimenezo. Koma msana wanga unkamva maso a anthu onse aja, ndipo chimene ndinkafuna chinali kuchoka pamenepo basi. Ndinakweza mkono kuuza mlonda kuti atsegule.

Paipi inangokhala kanthawi kochepa, kenako polumikiza paja panafwamphuka. Madzi anandimenya kumaso. Ndinagwa chagada m'matope, chipewa chinauluka n'kukagwera pafupi ndi keke.

Ndisanadzuke ndinamva mawu a mayi wina wa kwathu. "Ii, kodi si a Kambalame awo?"

Dzinalo linayenda m'mipando ya kumanzere, mzere ndi mzere, monong'ona. Mnyamata wa maiki uja anaona kuti anthu akundidziwa, koma sanamvetse.

"Kani a gadeniboyi athu ndi otchuka," anatero. "Ndiye tingowasiya choncho? Munthu wasamba kawiri lero chifukwa cha akwati. Tiyeni tiwasupe."

Nyimbo inayamba. Abale a mkwati anadzuka akuvina, atanyamula ndalama m'manja monga amachitira pa perekaniperekani, n'kundizungulira. Sankachita mwankhanza, ankangosangalala. Ndalama zinkandigwera kumutu, zina kumatirira pa ovolosi yonyowa, zina kuyandama m'dzenje. Mayi wina wonunkhira perefyumu anandiika imodzi m'thumba la pachifuwa n'kundisisita paphewa. Ine ndinali chogwada, madzi akutsika m'khosi, manja ali m'matope.

Mbali ya kwathu palibe amene anadzuka. Onse anazolika, ena akuyang'ana nsapato zawo, ena akukonza mipango imene sinasokonekere. A Chiwaya anayamba kuimirira, n'kukhalanso pansi. Kukhala chete kwa anthu a kwathu kunandilasa kuposa kuseka kwa alendo. Kenako ndinaona Tiyamike. Anali pa tebulo la operekeza, atavala diresi ya buluu wotuwa. Anaimirira, dzanja lili pakamwa, n'kutulukira m'mbali mwa tenti.

Ndikanatha kudzuka n'kumapita osatembenuka, wilibala n'kuisiya pomwepo.

Amene anabwera anali mayi akunyumba. Anadutsa pakati pa ovina aja osayang'ana munthu, anavula nsapato zawo za ukwati n'kuziika pa mpando, anatola chipewa changa n'kuyamba kukupizira nacho makala a pa mbaula.

"Malizani, bambo a Tiya," anatero. "Ndigwire pati?"

Ndinawaonetsa. Mlonda anali atatsekanso valuvu. Ndinakapanso madzi, iwo anamasula chitenje chimene anafunda n'kupukuta nacho paipi mpaka inauma. Ndinadula chidutswa china, kuwamba, kukuza kukamwa, kupaka guluu mbali zonse ziwiri, kulumikiza. Ovina aja ataona mayi wovala bwino atagwada m'matope anabwerera m'mipando mmodzimmodzi, nyimbo inazima. Manijala anabweranso.

"Tsegulani tsopano."

"Ayi, bwana. Adikire," ndinatero.

Tinadikira, awirife titagwira paipi, tenti yonse ili zii. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinakulunga mphira polumikiza ponse pawiri, kukoka mwamphamvu, kenako ndinauza mlonda kuti atsegule pang'onopang'ono. Paipi inanjenjemera, koma inagwira. Ndinakwirira, kubwezera kapinga, kupondaponda ndi jombo, kuyala masaka pamwamba, kenako kapeti. Ndalama zija sindinatole ngakhale imodzi. Ya m'thumba ija ndinaitulutsa n'kuiika m'mbale ya akwati podutsa. Nyimbo inayambanso ndisanafike pa geti.

Ndinakakhala kuseri kwa shedi ndikunjenjemera ndi kuzizira. Patapita kanthawi a Chiwaya anabwera okha, atanyamula mbale ya mpunga ndi nkhuku. Anaima pamenepo ndi suti yawo ndi duwa pachifuwa.

"A mkulu, bwanji simunandiuze?" anafunsa.

Anaika mbaleyo pa thumba la manyowa, anandigwira dzanja lamatope lomwelo, n'kubwerera kwa alendo awo. Chakudyacho ndinapatsa mlonda. Madzulo anthu a kwathu anandisungira malo mu minibasi imene anachita hayala, koma ndinakana. Ndinakwera ina ndekha.

M'mawa mwake linali Lamulungu, ndipo inali sabata yanga yowerenga Mawu. Ndinauza mayi akunyumba kuti mutu ukundipweteka. Sanatsutse, anangopita kukasamba. Ndinakhala pakhonde ndikupala guluu wouma m'zala ndi kampeni.

Tiyamike anagona kwa a Chiwaya ndi operekeza anzake, ndipo anafika m'mawa womwewo atanyamula diresi ija m'jumbo. Anagwada pafupi nane.

"Bambo, dzulo ndinathawa."

"Ndinaona."

"Sindinathawe inu. Ndikanakhala pamene paja ndikanalira pamaso pa anthu, kapena ndikanamulanda maiki mnyamata uja."

Sindikudziwa ngati zimenezo zinali zonse zimene zinali mumtima mwake, ndipo sindinamufunse. Anali mwana wa zaka makumi awiri pakati pa anzake. Anayang'ana zala zanga.

"Mukapanda kupita lero, sabata yamawa kudzavuta kuposa apa," anatero.

Ndinavala jekete. Tinayenda atatu mpaka ku tchalitchi. Nditaima kutsogolo n'kutsegula Baibulo, anyamata ena kumbuyo anayamba kuseka chapansipansi, wina n'kuwaletsa. Pa ndime yoyamba ndinalumpha mzere umodzi n'kubwerera. Koma ndinafika kumapeto. Potuluka ambiri anandipatsa moni monga mwa masiku onse, ena mopitiriza muyeso. Mayi amene anatchula dzina langa mu tenti uja anandigwira dzanja n'kunena kuti mpanda wa maluwa kunyumba kwawo wakula kwambiri, ndikapeza mpata ndidzawadulire, poti ndiyo ntchito yanga tsopano. Mpaka lero sindidziwa ngati ankanditonza kapena ankangofuna mpanda wawo udulidwe. Ndinapita Loweruka lotsatira n'kukawadulira.

Lolemba Esinati anandidikira pa geti. Anayamba kupepesa, ine ndinamuletsa. Loje sinatichotse. Sabata yomweyo anakakamiza eni ake kuti tiike valuvu yapadera ya mapaipi a pa kapinga, kuti akaphulika kukhitchini kusamathe madzi. Tinagwirizananso kuti anthu a matenti asamakhome chikhomo ngakhale chimodzi mmodzi wa ife asanayende nawo n'kuwaza laimu monse mukudutsa paipi.

Ndikugwirabe ntchito yomweyi. Manyazi a tsiku lija sanathe. Nyimbo imene anandisupira ija ikamveka mu minibasi, kumaso kwanga kumatenthabe. Koma ndikaganiza bwino, paipi yoyamba ija ikanagwira ndikanangodikira pang'ono. Chipewa sichikanagwa, ndipo mwina ndikanatuluka mu tenti muja osadziwika ndi munthu. Anandifulumizitsa si manijala, koma maso a anthu kumsana kwanga. Masiku ano munthu watsopano akamalumikiza paipi bwana ataima pamutu pake, ndimamugwira mkono asanakweze kuti atsegule madzi. Ndimamuuza kuti ayang'ane paipi, asayang'ane anthu. Maso a anthu saumitsa guluu.